Nambala yatuluka mumpanda: kuthetsa mavuto pofufuza ma outlier ndi IQR

Funso ili limandipeza chaka ndi chaka, makamaka nyengo imene ophunzira a m'makoleji ali kalikiliki kumalizitsa kafukufuku wawo. Usiku foni imalira, pa WhatsApp pabwera chithunzi cha sikirini ya laputopu, m'munsi mwake muli mawu akuti, "Akulu, taonani apa. Ine kompyuta yandipatsa outlier imodzi, mnzanga sinamupatse iliyonse, chonsecho deta ndi yomweyomweyo. Walakwitsa ndani?" Kawirikawiri palibe amene walakwitsa. Limene limandidetsa nkhawa ndi funso lotsatira, poti limabwera chala chili kale pa batani: "Ndiye ndiifufute?"

Funso limenelo tilifikira. Tiyambe tagwirizana kaye za njira yake, chifukwa mavuto ambiri amabadwira koyambirira komweko.

## Mmene mpanda umamangidwira

Outlier ndi nambala imene yatalikirana kwambiri ndi zinzake, moti munthu umayamba kukaikira ngati ilidi ya gulu limenelo. Manambala akakhala khumi, maso okha amaiona. Akakhala 3,000 pamafunika muyeso. Muyeso umene ambirife timagwiritsa ntchito unachokera kwa John Tukey, katswiri wa pa yunivesite ya Princeton ku America, yemwe anaufotokoza mu 1977 m'buku lake la Exploratory Data Analysis. M'buku lomwelo ndi mmene muli chojambula cha kabokosi kokhala ndi ndevu uku ndi uku, chija timati box plot.

Sanjani manambala anu kuyambira pa yaing'ono mpaka pa yaikulu. Imene yakhala pakatikati ndiyo median. Q1 ndi pamene kota imodzi ya deta yatsalira kumunsi, Q3 ndi pamene makota atatu atsalira kumunsi. Chotsani Q1 pa Q3, chotsalacho ndiye IQR, kutanthauza kutambasuka kwa theka lapakati la deta yanu. Chulukitsani IQR ndi 1.5. Yankho lakelo mukalichotsa pa Q1 mwapeza mpanda wakumunsi, mukaliphatikiza pa Q3 mwapeza mpanda wakumtunda. Nambala yogwera kunja kwa mipanda iwiriyi ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa.

Nachi chitsanzo, ndipo manambala ake ndangopeka kuti tiphunzirirepo. Alimi 11 a mu kalabu imodzi afunsidwa kuti akolola matumba angati a chimanga a makilogalamu 50:

8, 11, 12, 14, 15, 16, 18, 19, 21, 24, 750

Median ndi nambala yachisanu ndi chimodzi, 16. Kumunsi kwake kwatsala manambala asanu ndipo pakati pawo pali 12, imeneyo ndiye Q1. Kumtunda kulinso asanu, pakati pawo pali 21, Q3. IQR ndi 9, ndipo 9 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 13.5. Mpanda wakumunsi uli pa −1.5, wakumtunda pa 34.5. Ija ya 750 ili kutali zedi kunja.

Taonani zimene yachita ku avereji: yaikokera pa matumba 82.5, pamene mwa alimi khumi enawo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika ngakhale pa 25. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo avereji khalidwe lake ndi limenelo. Q1 ndi Q3 sizitengeka choncho. Ngakhale 750 ija itasanduka 7,500, izo zili pomwepo. Apa ndi pamene IQR imaposera lamulo lina lija loti nambala yodutsa ma standard deviation atatu kuchokera pa avereji ndiyo outlier. Standard deviation, muyeso wa mmene manambala amwazikira kutali ndi avereji, imatupa chifukwa cha nambala yomwe mukuisakayo, ndipo manambala akakhala 10 kapena kucheperapo, palibe imene ingadutse malire amenewo ngakhale itakula chotani.

Nanga 750 yachokera kuti? Mukabwerera ku fomu ya mafunso mupeza kuti wofunsa uja analemba makilogalamu m'malo mwa matumba. Gawani 750 ndi 50, yankho ndi 15. Ndi mlimi wamba, wokhala pakati penipeni pa anzake. Mukanafufuta mukanataya munthu weniweni m'kafukufuku wanu, mukanaisiya choncho mukananamiza owerenga.

## "Ine ndapeza zina, mnzanga wapeza zina"

Ili ndilo dandaulo lofala kuposa onse, ndipo gwero lake ndi loti palibe njira imodzi yokha yopezera Q1 ndi Q3. Mu 1996 akatswiri awiri, Rob Hyndman ndi Yanan Fan, anandandalika njira zisanu ndi zinayi zowerengera malo ngati amenewa m'deta, ndipo mapulogalamu a kompyuta sanasankhe imodzi.

Tengani alimi athu aja, koma 750 isinthe ikhale 33. Mukawerengera pamanja monga tachitira pamwambapa, kusiya median pambali pogawa deta pawiri, Q1 ndi 12, Q3 ndi 21, mpanda wakumtunda uli pa 34.5, ndipo 33 ili mkati. Mu Excel, fomula ya QUARTILE.EXC ikupatsani zomwezo. Koma mnzanu akalemba =QUARTILE.INC(B2:B12,1) apeza 13, ndipo Q3 yake ikhala 20. IQR yake ndi 7, mpanda wakumtunda watsikira pa 30.5, basi 33 yatuluka panja. Deta imodzi, Excel imodzi, mayankho awiri, onse olondola malinga ndi njira yake.

Ndi bwino kudziwa kuti chida chimene muli nacho chili mbali iti. QUARTILE yakale ya mu Excel ndi ya mu Google Sheets zimachita ngati QUARTILE.INC. Chimodzimodzi quantile ya mu pulogalamu ya ziwerengero ya R mukapanda kuiuza china, komanso pandas ndi NumPy kwa amene mumalemba Python. Mukafuna kuti R igwirizane ndi QUARTILE.EXC, onjezani type=6. Pulogalamu ya Minitab ndi gawo la Frequencies la mu pulogalamu ya SPSS zili mbali ya QUARTILE.EXC. Chosokoneza china nchoti pulogalamu imodzi yomweyo ikhoza kugwiritsa njira ina polemba tebulo, ina pojambula. Box plot ya mu R ndi ya mu SPSS imatsatira ma hinge a Tukey (Q1 ndi Q3 zopezedwa ndi njira yake), amene amaika median m'mbali zonse ziwiri pamene chiwerengero cha manambala sichigawika pawiri, kotero musadabwe tebulo likanena zina chojambula n'kuonetsa zina. Mu Excel ya 2016 kupita mtsogolo, chojambula cha Box and Whisker chili ndi posankha pakati pa Inclusive median ndi Exclusive median, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti posankhapo palipo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ngati ndi ntchito ya m'kalasi, tsatirani njira imene aphunzitsi anu anaonetsa pabolodi, poti mayankho awo anawerengera ndi imeneyo. Ngati ndi lipoti, sankhani njira imodzi, muitchule, ndipo musaisinthe pakati pa ntchito. Kusiyanaku kumaoneka kwambiri deta ikakhala yochepa; manambala akafika mazanamazana njira zonse zimayandikana. Ndinenenso maganizo anga: nambala imene ikutuluka ndi njira ina n'kulowa ndi njira ina, ngati 33 uja, si nambala yoti ikusowetseni tulo. Yangotsamira pampanda. Mlimi wokolola matumba 33 pakati pa anzake okolola 20 ndi munthu woti tonse tikumudziwa m'mudzi.

## Tizolakwika tapamanja

Musanakaikire njira, yang'anani izi. Kodi munasanja manambala musanayambe kuwerenga malo awo? Excel imadzisanjira yokha mkati mwa fomula, koma pa pepala ambiri amaiwala n'kungotola nambala yachitatu pamndandanda mmene unabwerera. Ena amaphatikiza 13.5 ija pa median m'malo mwa Q3, ena amaichotsa pa Q3 pofuna mpanda wakumunsi. Enanso amaiwala 1.5 n'kuphatikiza IQR yokha.

Mu Excel, cholakwika chimene ndachiona kambirimbiri ndi kuiwala chizindikiro cha $. Mwaika mipanda yanu mu E5 ndi E6, mwalemba fomula pamzere woyamba, mwaikokera pansi. Popanda $, mzere wachiwiri uyerekeza ndi E6 ndi E7, wachitatu ndi E7 ndi E8, momwe mulibe kanthu, ndipo posakhalitsa pafupifupi aliyense waoneka ngati outlier. Lembani chonchi: =IF(OR(B2<$E$5,B2>$E$6),"onaninso",""). Mawu akuti "onaninso" ndimawakonda dala kuposa akuti "chotsani", chifukwa amene adzatsegule fayiloyo mawa adzachita zimene kolamuyo ikunena.

Pojambula box plot pamanja, ndevu sizifika pampanda. Zimathera pa nambala yeniyeni yomaliza imene ili mkati mwa mpanda. M'chitsanzo choyamba chija ndevu yakumtunda ithera pa 24, osati pa 34.5, ndipo yakumunsi pa 8.

## Mpanda wakumunsi wagwera pansi pa ziro

Mwaona kuti mpanda wakumunsi wa alimi aja unali −1.5. Palibe munthu amakolola matumba ochepera ziro, kutanthauza kuti kumunsiko kulibe mpanda konse. Pa deta ija sizinavute kwenikweni. Koma pa ndalama, kukula kwa minda, chiwerengero cha ziweto, kapena masiku amene wodwala wagonekedwa m'chipatala, vutoli ndi lalikulu, chifukwa zinthu zimenezi sizigawanika mofanana mbali zonse. Ambiri amaunjikana kumunsi, owerengeka n'kutambalala kutali kumtunda. Lamulo la 1.5 limayeza mbali ziwiri ndi ndodo imodzi, ndiye limagwira osalakwa kumtunda uku likulekerera zolakwika kumunsi.

Nachi chitsanzo chinanso chopeka, ndalama zimene a mabizinesi ang'onoang'ono 11 amapeza pamwezi, m'makwacha:

600, 20,000, 35,000, 40,000, 55,000, 80,000, 95,000, 150,000, 220,000, 400,000, 700,000

Ndi njira yapamanja ija, Q1 ndi 35,000, Q3 ndi 220,000, IQR ndi 185,000. Mpanda wakumtunda uli pa 497,500, wakumunsi pa −242,500. Lamulo laloza chala wa K700,000, munthu amene mwina ali ndi golosale yoyenda bwino pa teredingi senta. Wa K600 pamwezi, ndalama yosakwana n'komwe buledi, wadutsa osafunsidwa kanthu, pamene n'zoonekeratu kuti wolowetsa deta anasiya maziro awiri.

Chochita ndi kusandutsa manambala onse kukhala ma log, ndi fomula ya =LOG10(B2), kenaka n'kumanga mipanda pa ma log amenewo. Log ya 35,000 ndi 4.544, ya 220,000 ndi 5.342, IQR ndi 0.798, ndipo mipanda ikhala pa 3.347 ndi 6.540. Mukaibweza m'makwacha ndi pafupifupi K2,200 kumunsi ndi K3.5 miliyoni kumtunda. Tsopano wa golosale wabwerera mkati, ndipo 600 ija yagwidwa. Log imayeza kuti nambala yaposa inzake kangati, osati ndi zingati, ndipo pa nkhani ya ndalama umo ndi mmene anthu timaganizira kale: timati malonda akwera kawiri, atsika ndi theka.

Ziro alibe log, Excel ikupatsani #NUM!. Ngati maziro ndi ochepa, aikeni padera muwaone paokha. Kwa ogwiritsa R palinso box plot yokonzedwera deta yopendekera mbali imodzi, imene Mia Hubert ndi Ellen Vandervieren anaifalitsa mu 2008. Mukaipeza mu phukusi la robustbase ndi dzina loti adjbox.

## IQR yatuluka 0

Izi zimachitika theka lapakati la deta likakhala nambala imodzimodzi. Tengani mvula ya tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu pamalo pomwe imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo basi. Ngati masiku opanda mvula apitirira makota atatu a chaka, Q1 ndi 0, Q3 ndi 0, mipanda yonse iwiri ili pa 0, ndipo tsiku limene kwangowaza mamilimita awiri latchedwa outlier. Zomwezo muzipeza mukafunsa mabanja kuti ali ndi ng'ombe zingati m'dera limene ambiri alibe.

Kompyuta sinalakwitse, funso ndilo lili pawiri. Loyamba: ndi masiku angati kunagwa mvula, ndi mabanja angati ali ndi ng'ombe? Limenelo liyankheni ndi peresenti. Lachiwiri: pa masiku amene inagwa, inagwa yochuluka bwanji? Mipanda imangidwe pa gulu lachiwirili lokha, ndipo mwina ndi log. Pa mayankho a mtundu wa 1 mpaka 5, aja oti "ndikuvomereza kwambiri" mpaka "ndikukana kwambiri", lamuloli musaligwiritse n'komwe. Munthu woyankha 1 pamene anzake akuyankha 4 sanalakwitse, wangokana basi.

## Kwatuluka ma outlier ankhaninkhani

Choyamba werengani kuti ndi gawo lanji la deta yonse. Ngakhale deta itakhala yoyera bwino, yogawanika ngati belu monga amajambulira m'mabuku, mipanda ya 1.5 imakhala pa ma standard deviation pafupifupi 2.7 kuchokera pakati, ndipo manambala 7 pa 1,000 aliwonse amagwera kunja mwachibadwa. Pa anthu 10,000 yembekezerani 70 opanda vuto lililonse. Tukey yemweyo anaika mpanda wachiwiri pa IQR kuchulukitsa ndi 3. Zodutsa woyamba ankangoti zili kunja, zodutsa wachiwiri ankati zili kutali, ndipo sanatche gulu lililonse kuti ndi lolakwika. Mu box plot ya SPSS za gulu loyamba zimaoneka ngati timadontho tozungulira, za gulu lachiwiri ngati tinyenyezi. Nthawi ikakuchepelani, yambani ndi tinyenyezito.

Ngati zotuluka zikuposa pamenepo kwambiri, zisanjeni muone ngati sizikufanana. Mukaona 99, 999 kapena 9998 zikubwerezabwereza, amenewo si mayankho. Ndi zizindikiro zimene okonza kafukufuku amaika kutanthauza kuti munthu anakana kuyankha, sakudziwa, kapena sanapezeke pakhomo. Tsegulani kabuku kofotokoza tanthauzo la kolamu iliyonse, muzisandutse malo opanda kanthu musanawerengere Q1 ndi Q3, chifukwa zikachuluka zimakankha Q3 yeniyeniyo. Ndipo malo opanda kanthu musawadzaze ndi 0. Mlimi amene sanayankhe ndi wosiyana ndi mlimi amene sanakolole.

Chifukwa china, chimene chimandipweteka mtima poti chimabisika bwino, ndi kusakaniza magulu osiyana m'thumba limodzi. Mukaika ma esiteti pamodzi ndi alimi a ekala imodzi, ma esiteti onse atuluka kunja, osati chifukwa alakwika koma chifukwa ndi mtundu wina. Mitengo ya chimanga ya mwezi wa Meyi, anthu atangokolola, ndi ya Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ndi magulu awiri. Nthawi nayo imagawa deta. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Mukatenga mitengo ya feteleza ya zaka zingapo n'kumanga mpanda umodzi, ya miyezi yomalizira ikhoza kuoneka yopatuka, chonsecho ikungonena zimene zinachitika pamsika. Mangani mipanda gulu ndi gulu: boma ndi boma, mwezi ndi mwezi, kapena sinthani mitengo ikhale ya mphamvu ya chaka chimodzi.

Kulemera kwa ana ndi chitsanzo china. Mwana wa miyezi iwiri ndi wa zaka zinayi sangayezedwe ndi mpanda umodzi. A zaumoyo amasandutsa kaye sikelo ndi msinkhu (kutalika) kukhala ma z-score, manambala oonetsa kuti mwana watalikirana ndi pakati pa anzake ndi ma standard deviation angati, potsatira miyezo ya WHO ya 2006, ndipo ali ndi malire awoawo a zimene thupi la mwana silingafike: kulemera malinga ndi zaka pansi pa −6 kapena pamwamba pa +5, msinkhu malinga ndi zaka kupitirira 6 mbali iliyonse, kulemera malinga ndi msinkhu kupitirira 5 mbali iliyonse. Pamene eni ntchito ali ndi malire otere, tsatirani amenewo. Mwana wonyentchera kwambiri amene IQR yamuika kunja ndi amene kafukufukuyo akufuna kumupeza.

## Palibe chatuluka, koma mtima sukukhazikika

Mtimawo muumvere. Mpanda umangoona kolamu imodzi pa nthawi, ndipo umangogwira zolakwika zazikulu.

Yambani ndi kuwerenga. Lembani =COUNT(B2:B500) ndi =COUNTA(B2:B500) pambali pake. Yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri chilichonse cholembedwa. Zikasiyana, ndiye kuti ena mwa manambala anu Excel ikuwaona ngati mawu ndipo QUARTILE ikuwadumpha mwakachetechete. Muwazindikira poti amakhala atatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene anzawo ali kumanja. Zimachitika wina akalemba "15 bags", akasiya mpata kutsogolo, kapena fayilo ikachokera kumene amalemba 12,5 m'malo mwa 12.5, monga kwa anzathu a ku Tete amene makompyuta awo ali m'Chipwitikizi. Nthawi zina nambala yodumphidwayo ndi yomwe mukanafuna kuiona.

Kenaka miyezo. Ya 750 ija inagwidwa chifukwa kusiyana kwa thumba ndi kilogalamu ndi ka 50. Koma hekitala imodzi ndi maekala 2.47 okha. Munda wa maekala awiri wolembedwa ngati mahekitala awiri ukhala phee mkati mwa mpanda. Chimodzimodzi thumba la makilogalamu 90 lowerengedwa ngati la 50, kapena wina woyankha ndi ngolo za chimanga chosatonola pamene anzake akunena matumba a chotonola. Njira imene yandithandiza ndi kujambula box plot ya wofunsa aliyense payekha, n'kuziika pambali ndi pambali. Tsiku lina ndinaona kabokosi ka wofunsa mmodzi kali pamwamba pa tinzake tonse, pamene midzi yake inali yoyandikana ndi ya anzake. Titamuitana n'kumufunsa bwinobwino, zinapezeka kuti iye yekha ndi amene sankasintha maekala kukhala mahekitala. Panalibe nambala yake ndi imodzi yomwe imene inadutsa mpanda wa gulu lonse.

Palinso zolakwika zooneka pokhapokha makolamu awiri akayang'anizana. Munda wa mahekitala 0.2 si wachilendo. Matumba 60 si achilendo m'dera la alimi akuluakulu. Koma matumba 60 pa mahekitala 0.2 ndi matani 15 pa hekitala, zinthu zofunika kufunsa. Pangani kolamu yatsopano ya zokolola pa hekitala, mumange mpanda pa imeneyo, kapena jambulani scatter plot, chojambula choonetsa makolamu awiriwo ngati timadontho, muone kadontho kamene kakhala kokha.

## Ndachotsa imodzi, kwatulukanso ina

Zimatero ndithu. Mukachotsa nambala yakumapeto, Q1 ndi Q3 zimasendezana pang'ono ndipo mpanda umafupika. Pa alimi athu aja, ndi QUARTILE.INC, kuchotsa 33 kumatsitsa mpanda wakumtunda kuchoka pa 30.5 kufika pa 28.1. Wa matumba 24 uja akanakhala wa 29, ulendo woyamba akanapulumuka, wachiwiri akanagwidwa. Mukapitiriza choncho pa deta yopendekera, mumangosenga mpaka kutsala anthu ofanana okhaokha, ndipo standard deviation imachepa mwabodza, zotsatira n'kumaoneka zotsimikizika kuposa mmene zilili. Mangani mpanda kamodzi. Kuwerengeranso n'koyenera pokhapokha mutakonza zolakwika zenizeni, monga 750 kubwerera pa 15 kapena ma 999 kuchotsedwa, poti pamenepo deta yasinthadi.

## "Ndiye ndiifufute?"

Safunsa anadya phula. Nambala ikatuluka mumpanda, ntchito yoyamba ndi kuilondola kumene inachokera: fomu yapepala, rejisita ya kuchipatala, tabuleti ya wofunsa, kapena foni kwa munthu amene anayeza. Mukatero mupeza chimodzi mwa zitatu.

Mwina ndi cholakwika ndipo nambala yoona ikupezeka. Konzani, koma musalembe pamwamba pa yakaleyo. Siyani kolamu yoyamba mmene inabwerera, tsegulani ina ya zokonzedwa, ndi inanso yolembamo chifukwa chake ndi tsiku. Miyezi itatu ikadutsa simudzakumbuka kuti 15 uja anachokera kuti, ndipo okuyang'anirani akadzafunsa mudzafuna poloza.

Mwina ndi cholakwika choonekeratu koma yoona sikupezeka, monga mayi wa zaka 230 kapena mwana wobadwa ndi makilogalamu 32. Musaganizire nokha kuti anafuna kulemba 23 kapena 3.2 ngati palibe umboni wina pafomupo. Siyani malowo opanda kanthu, koma mayankho ena onse a munthuyo akhale. Ambiri amafufuta mzere wonse chifukwa cha kabokosi kamodzi, n'kutaya mayankho makumi anayi abwinobwino.

Kapena nambalayo ndi yoona. Apa ndi pamene ndimalimba mawu, chifukwa ndaona malipoti atayeretsedwa mpaka kuchotsamo nkhani yeniyeni. Mvula imene inagwa ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 idzadutsa mpanda uliwonse umene mungamange pa mvula ya tsiku ndi tsiku. Koma injiniya womanga mlatho kapena ngalande akufuna masiku omwewo kuposa ena onse. Pamene kolera inabuka ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, sabata imene odwala otsegula m'mimba anachuluka mwadzidzidzi pa chipatala chaching'ono inali outlier m'rejisita, ndipo wolemba ziwerengero woifufuta akanazimitsa chenjezo. Ngakhale mlimi uja wa matumba 33, ngati anakololadi, mlangizi wanzeru amakwera njinga kukaona kuti anabzala liti, mbewu yanji, ndipo anathira chiyani.

Ngati nambala yoonayo ikukokera avereji kumene kulibe anthu, njira si kuichotsa koma kusintha chimene mukunena. Perekani median ndi IQR m'malo mwa avereji ndi standard deviation. Kapena werengerani kawiri, ili momwemo ndi itachotsedwa, muonetse zonse ziwiri. Zikafanana, nkhawa yatha. Zikasiyana kwambiri, owerenga ayenera kudziwa kuti mfundo yanu yatsamira pa munthu mmodzi kapena awiri. Chimene simuyenera kuchita ndi kuyesa njira iyi ndi iyo, 1.5 lero, 3 mawa, INC uku, EXC uko, mpaka p-value, nambala imene ofufuza amaweruzira kuti zotsatira si zamwangozi, itatsika pansi pa 0.05. Lamulo lisankhidwe musanaone zotsatira.

Wophunzira wa pa WhatsApp uja ndimamuuza kuti m'gawo la njira za kafukufuku alembe ndime yaifupi yonga iyi, ndi manambala akeake: "Q1 ndi Q3 zinawerengedwa ndi QUARTILE.INC mu Excel, boma lililonse palokha. Manambala anayi anadutsa mpanda wa 1.5 × IQR. Awiri anali olembedwa m'makilogalamu m'malo mwa matumba ndipo anakonzedwa potsatira mafomu, imodzi inasiyidwa yopanda kanthu chifukwa fomu yake sinapezeke, ndipo imodzi inatsimikizidwa ndi mlimi mwini wake pafoni, choncho inasiyidwa m'deta."